Makina akuchapa koma akukana kufinya

Makina ochapira a mabeseni awiri, aja tinawazolowera kuno kwathu, safa onse tsiku limodzi ayi. Amafa mbali imodzi, ndipo mbali yake ndi yodziwika kale: yofinyira, imene ambiri timangoitchula kuti draya ngakhale kuti mulibe moto woumitsa kanthu. Mbali yochapira imakhala ikutakasa zovala bwinobwino, koma ukasamutsira zovalazo mu draya n'kupotokola taimala, kuli zii, kapena pamangomveka kulira kwa ng'uuu ngati njuchi zili m'mphako. Mukayenda m'nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za apolisi pano pa boma pa Mchinji, ku Kamwendo kapena ku Kapiri, mupeza makina otere ali pakhonde, draya atasanduka mosungira sopo, mapegi ndi masokosi osowa anzake. Mukafunsa, yankho limakhala limodzi: mota inapsa. Mukafunsanso kuti anatsegula ndani n'kuiona motayo, eni ake amangoyang'anana.

Ine ndimaphunzitsa Physics, ndipo ndatsegulapo makina anga ndi a anzanga angapo a pa laini ya aphunzitsi pano. Chimene ndaona n'chakuti mota ndi imene timaipachika mlandu, koma kawirikawiri wolakwa amakhala kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la malaya. N'chifukwa chake ndati ndilembeko.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti madamu awa akudandaula za makina pomwe anthu akuchapira pamwala ku Bua. N'zoona. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja ounikira magetsi m'dziko muno anali pafupifupi 11 okha pa 100 alionse, ndipo mwa amenewo okhala ndi makina ochapira ndi ochepa zedi. Koma amene sanafinyepo bulangete lonyowa ndi manja mu Januwale asapepuse nkhaniyi. Kuchapa n'kosavuta poyerekeza ndi kufinya. Nyengo ya mvula chovala chofinya ndi manja chimatha masiku awiri pachingwe, n'kuyamba kununkha nguwi, yunifolomu ya mwana n'kufika Lolemba m'mawa ili yonyowabe m'kolala. Matewera ndiye musanene. Komanso paja ntchentche ija yoikira mazira a mphutsi imakonda zovala zachinyontho zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo ukapanda kusita bwino umaona mwana watuluka chotupa pamsana. Chovala chochokera mu draya chimauma ndi kadzuwa ka maola awiri kapena atatu kamene kamatuluka pakati pa mvula. Kwa ine palinso nkhani ya mikono. Loweruka limene ndafinya majinzi ndi mashiti a pabedi ndi manja, madzulo ake cholembera chofiira sindichigwira bwino, pomwe makope a Fomu 3 ali mulu patebulo. Dokotala wina wa ku Sweden, malemu Hans Rosling, anakambapo nkhani yotchuka mu 2010 yofotokoza kuti makina ochapira anawapatsa mayi ake nthawi yowerenga mabuku. Amene amachapira banja amamvetsa msanga zimene ankanenazo.

Kugula atsopano si nkhani yoyamba n'komwe. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wa magetsi yense amachokera kunja. Makina anga anabwera ndi achimwene anga kuchokera ku Johannesburg, atawamanga m'mabulangete pa kalavani ya basi. Sindiona njira imene malipiro a mphunzitsi angabweretsere ena lero.

Tsono tiyeni titsegule. Kumbuyo kwa makinawa kuli chitseko cha pulasitiki kapena cha lata chomangidwa ndi tizomangira tinayi kapena tisanu ndi kamodzi. Musanachikhudze, zulani pulagi kukhoma, muiike poti mukuiona ndi maso. Kuzimitsa switchi ya pasoketi kokha sikokwanira, chifukwa nyumba zina zinalumikizidwa mobwerera, waya wamoto amakhalabe wamoto ngakhale mwazimitsa. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pamene pali makina ochapira pansi pamakhala ponyowa. Valani nsapato za labala. Ana apite akasewere kutali.

Mukasuzumira m'katimo mupeza kuti mulibe zambiri. Muli mamota awiri. Ya mbali yochapira imakoka lamba. Ya draya ilibe lamba: imakhala chilili pansi penipeni pa dengu lofinyira, itaima pa miyendo itatu ya masipuling'i, ndipo chitsulo chake chimalumikizana mwachindunji ndi chitsulo cha dengu. Polumikizirana pamenepo pali kachimbale kozungulira kamene buleki imagwira. Bulekiyo ili ndi kachingwe, kofanana ndi kebulo ya njinga, kokwera m'mwamba kukafika pa chivundikiro. Mukatseka chivundikiro kachingweko kamakoka, buleki n'kumasuka. Mukatsegula, sipuling'i imabweza buleki n'kugwira. Pa chivundikiro pomwepo palinso kaswitchi kodula magetsi. Ndiye pali taimala ya mphindi zisanu, ndi kabotolo kotuwa kapena kakuda kotuluka mawaya, komangiriridwa pakhoma la m'kati. Kameneko ndiye kapasita. Basi, draya yonse ndi imeneyi.

Mmisiri wabwino amayamba ndi khutu, sayamba ndi sipanala. Mmene makina akulirira amakuuzani kopita.

Ngati kuli zii, ndiye kuti magetsi sakufika ku mota, ndipo mota yosafikiridwa ndi magetsi simungaiimbe mlandu. Njira ya magetsi ndi imodzi: achoke papulagi, adutse pa taimala, adutse pa kaswitchi ka chivundikiro, afike ku mota. Paliponse pamene paduka, zonse zaima. Nthawi zambiri ndi kaswitchi kaja. Ndi timalata tiwiri ta mkuwa togundana, ndipo timakhala pamalo pamene nthunzi ya sopo imafika tsiku ndi tsiku, choncho timachita dzimbiri lobiriwira. Kupalapo pang'ono ndi sandipepala wosalala ndi kupinda kalata kamodzi kuti kagunde bwino kanzake kumadzutsa makina amene anagona chaka chathunthu. Kwa mnzanga wina wophunzitsa Chichewa tinapeza kuti khoswe anamanga chisa pamwamba pa mota, atatafuna waya wabuluu mpaka kuduka. Inali nyengo yokolola, mtedza uli m'matumba m'chipinda chomwecho. Kuno ku Mchinji, kumene nyumba iliyonse imasunga mtedza, soya kapena chimanga, khoswe ndi woyamba kumukayikira. Mphemvu nazo zimalowa mu taimala n'kufera pakati pa timalata. Taimala yabwino imamveka kuti tcheketcheke ikamabwerera, ndipo mukaiyeza ndi mita itapotokoledwa imasonyeza kuti njira yatseguka.

Mita ndikunenayi ndi multimeter ya wamba, yachikasu ija imapezeka m'mashopu a zamagetsi. Amene ali ndi makina, firiji ndi ayironi m'nyumba, kachipangizo kameneka kamabweza ndalama yake tsiku loyamba.

Ngati mota ikulira ng'uuu koma dengu silikuyenda, zimitsani msanga. Musadikire kuti mwina ichita kudzidzimuka. Mota yoima ili pamagetsi imakoka mphamvu yambiri, makoyilo amatentha, ndipo apa ndi pamene mota yabwinobwino imapseradi. Anthu ambiri amene amati mota inapsa amanena zoona, kungoti inapsa pa sabata yachitatu ya kuikakamiza, pomwe sabata yoyamba vuto linali lina. Kulira kumeneku kumatanthauza chimodzi mwa ziwiri: pali chimene chagwira dengu, kapena mota yasowa choikankha poyambira.

Yambani ndi chogwira dengu, poti n'chaulere. Pulagi ili pansi, chivundikiro chili chotseka, pisani dzanja kumbuyo muzungulitse kachimbale ka buleki. Kayenera kuyenda mofewa. Kakalimba, yang'anani kachingwe ka buleki. Kakaduka kapena kukoloweka pamalo pake, buleki imakhala yogwira nthawi zonse ngakhale mutseke chotani. Ndaonapo wina atalowetsapo kebulo ya buleki ya njinga ya kabaza, ndipo inagwira ntchito bwino lomwe. Kachingwe kakakhala kali bwino, vulani chimphete cha pulasitiki cha pakamwa pa draya, muunike ndi tochi ya foni pakati pa dengu ndi khoma. Kumeneko ndi kumanda kwa masokosi a ana, mipango ndi timakabudula ta m'kati. Zimadumpha pamwamba pa dengu likamathamanga, n'kukazengerezeka pachitsulo pansi. Waya wopindidwa ngati mbedza amazitulutsa. Izi zimachitika makamaka m'nyumba zimene anataya kachivundikiro kofewa kaja koponderezera zovala m'dengu. Ana amakasandutsa chiwongolero cha galimoto, koma kali ndi ntchito yake.

Palinso madzi. Makina ambiri otere alibe pampu, madzi amatuluka okha potsetsereka. Paipi yotulutsira madzi ikakhala yokolekedwa m'mwamba, yopindika, kapena yodzaza ndi ulusi, mchenga ndi makobidi, madzi amaunjikana pansi pa dengu ndipo dengulo limakhala ngati likupalasa m'dziwe. Limayamba bwino kenaka n'kumafooka. Amene timachapira madzi a pachitsime kapena a pamjigo otungira m'ndowa, mchenga sutisowa.

Zonsezi zikakhala bwino, dengu likuyenda mofewa koma mota ikungolirabe, ndiye tafika pa kapasita, ndipo apa mundilole ndivale gawuni ya mu labu pang'ono. Magetsi a m'nyumba amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi. Akalowa mu koyilo imodzi amapanga mphamvu ya maginito imene imangokankha ndi kukoka pamzere umodzi, osazungulira. Zili ngati munthu wopalasa njinga amene pedulo yaima pamwamba penipeni: ngakhale aponde ndi thupi lonse, njinga siyenda, mpaka wina aikankhe pang'ono. N'chifukwa chake mota ili ndi koyilo yachiwiri, yoikidwa chopingasa, ndipo magetsi opita kumeneko amadutsa kaye mu kapasita. Kapasita imachititsa kuti magetsi a koyilo yachiwiriyi asamafike pachimake nthawi imodzi ndi a koyilo yoyamba, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumapangitsa maginito kuoneka ngati akuzungulira, chitsulo cha pakati n'kumawathamangira. Nzeru imeneyi ndi ya m'zaka za m'ma 1880, ya Galileo Ferraris ku Italy ndi Nikola Tesla ku America, ndipo ili mu fani, mu pampu ya madzi ndi m'makina anu ochapira mpaka lero. Mota za draya zambiri zimazungulira ka 1,300 kapena kupitirirako pang'ono pa mphindi. Kapasita ikafa, koyilo yachiwiri yagona, mota yatsala ndi pedulo yoima pamwamba. Ikangofooka, mota imadzuka mwaulesi, imayenda dengu likakhala lopanda kanthu koma ikakana mukaikamo thaulo lonyowa.

Anga anayamba choncho, mu Januwale, mvula ili pakati. Mnyamata wina wokonza mawailesi ndi mafoni kumsika anabwera kudzaona. Anapotokola taimala, n'kumvetsera, n'kupukusa mutu. "Madamu, apa mota yapita. Mundipatse ya thiransipoti ndikakusakireni ina ku Lilongwe." Ndinati, "Achimwene, tatsegulani kaye kumbuyoku tione." Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti alime pa tarmac, koma anatsegula. Kapasita inali itatupa kumutu ngati chitini cha nsomba chowonongeka, phula lakuda likuchucha m'mbali. Mnyamatayo anaseka yekha, amvekere, "Koma madamu inu, mwandilanda ganyu." Sindimuda ayi. Iye amapeza zambiri akasintha mota kusiyana ndi kapasita, ndipo makasitomala ambiri sakhulupirira kuti kanthu kotchipa kangathetse vuto lalikulu. Ukawalipiritsa pang'ono amaganiza kuti sunakonze.

Sikuti kapasita yakufa iliyonse imatupa. Ina imaoneka yatsopano koma m'kati mulibe kanthu. Mita zina zili ndi poyezera kapasita, pamene pali chizindikiro cha µF. Musanaigwire, gunditsani mapini ake ndi sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki kuti magetsi otsalira atuluke, chifukwa kapasita imasunga nyesi ngakhale pulagi yazulidwa. Mukatero werengani zolembedwa pathupi pake. Makina ambiri a mabeseni awiri ali ndi kapasita imodzi ya mawaya anayi, imene kwenikweni ndi makapasita awiri m'botolo limodzi. Pamalembedwa manambala awiri, monga 10 ndi 5, kapena 12 ndi 5. Yaikuluyo ndi ya mota yochapira, yaing'onoyo ndi ya draya. N'chifukwa chake mbali imodzi imatha kufa inzake ili moyo. Pamalembedwanso 450 VAC kapena 400 VAC. Jambulani ndi foni manambalawo pamodzi ndi mmene mawaya alowera musanadule chilichonse. Mitundu ya mawaya imasiyana fakitale ndi fakitale, choncho chithunzi chanu ndicho buku lanu.

Kupeza ina ndiye ulendo. Ife a m'malire tili ndi mwayi wa misika iwiri. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, kudzera ku Kamwendo, Namitete ndi Msundwe, ndipo ku Malangalanga ukafunsafunsa supita padera. Chipata ili pafupi kuposa apo. Ukadutsa pa Mwami, pamene kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi, mphindi zochepa uli m'tauni, ndipo mashopu a ku Down Shops ndi a ku msika wa Kapata amasunga tizipangizo ta magetsi tambiri. Chovuta n'chakuti kwacha ya ku Zambia ndi yolemera kwa ife, ndiye umachita kuwerengera kawiri. Ine ndinatuma mayi wina wa geni amene amapitako sabata iliyonse, nditamupatsa kapasita yakufayo m'manja kuti akangoonetsa. Mtengo wake sunafike pa ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe ndi kubwerako.

Simukusowa kupeza ya mawaya anayi yeniyeniyo. Ngati mbali yochapira ili bwino, isiyeni, mungogula kapasita yapayokha ya nambala ya draya, mulumikize pa mawaya awiri a mota ya draya, akalewo muwatseke ndi tepi. Ndipo ikasowa ya 5, ophunzira anga a Fomu 4 akudziwa chochita: makapasita awiri olumikizidwa mogundanitsa mitu, uku ndi uku, amaphatikiza mphamvu zawo. Makapasita a fani ya kudenga nthawi zambiri amakhala a 2.5, ndipo awiri amakupatsani 5 ndendende. Chimene simuyenera kuchita ndi kuika yaikulu kwambiri poganiza kuti draya ithamanga koposa. Koyilo yachiwiri ndi ya waya woonda, imatentha n'kupsa. Musaikenso makapasita a mu wailesi kapena mu amplifaya aja ali ndi chizindikiro cha + ndi −. Amenewo ndi a magetsi oyenda mbali imodzi, pa magetsi a kukhoma amaphulika. Polumikiza, musangopota mawaya n'kukulunga pepala la shuga. Pansi pa draya pamagwedezeka ndiponso pamafika chinyontho. Gwiritsani ntchito kolumikizira ka tizomangira, kapena wotcherani ndi mtovu, ndipo kapasitayo muimangirire m'mwamba, mawaya ataloza pansi kuti dontho la madzi lisatsetserekere m'kati.

Pali matenda ena amene si a magetsi konse: draya yovina. Imayamba bwino, kenaka gu gu gu, dengu likumenya khoma, makina akuyenda okha kulowera kukhomo. Apa masamu ake amandisangalatsa, ndipo ndimawapereka m'kalasi. Dengu la draya kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi masentimita 12 kapena kuyandikira apo. Likamazungulira ka 1,300 pa mphindi, chovala chili m'mphepete chimakanikizidwa kukhoma ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 200. Ndiyo imene imachotsa madzi kudzera m'timabowo, popanda moto uliwonse. Koma tembenuzani nkhaniyo. Jinzi yonyowa ikaunjikana mbali imodzi, n'kupangitsa kuti mbali imeneyo ilemere ndi theka la kilogalamu kuposa inzake, theka limenelo pa liwiro lonse limakoka ngati matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ndipo limakoka mozungulira, maulendo oposa 20 pa sekondi. Miyendo itatu ya masipuling'i ija ndiyo imalandira nkhonya zonsezo. Mankhwala ake ndi kalongedzedwe: zolemera pansi, zopepuka pamwamba, kuzungulitsa chovala m'mphepete mwa dengu m'malo mochiponya chili chibulunga, kukanikiza ndi dzanja, n'kuika kachivundikiro kofewa kaja. Makinawo aime pamalo osapendekeka. Makonde athu ambiri anawaka motsetsereka kuti madzi a mvula azitsika, ndiye kathabwa pansi pa mwendo umodzi kamathandiza. Akamavinabe ngakhale m'dengu mulibe kanthu, yang'anani miyendo ya mota. Umodzi ukathyoka kapena labala wake akang'ambika, sinthani yonse itatu, chifukwa watsopano pakati pa okalamba awiri amapendeketsa mota.

Chimene chimaphadi mota ya draya ndi madzi, ndipo amalowera malo amodzi. Pamene chitsulo cha dengu chimabowola pansi pa beseni pali labala wokhala ngati kachipewa kopindikapindika, wotchinga madzi kuti asatsikire pa mota. Labala ameneyu amakalamba, amang'ambika, makamaka draya ikamavina kapena ikamadzazidwa madzi potsukuluza. Akang'ambika, madzi a sopo amadontha pamutu penipeni pa mota. Zizindikiro zake ndi mzere wa dzimbiri pa kachimbale ka buleki, madontho pansi pa makina mbali ya draya, ndi kulira kwa khwekhwerere kwa mabering'i. Nthawi iliyonse mwatsegula kumbuyo, ngakhale mwatsegulira china, gwirani pamwamba pa mota muone ngati pali pouma. Kusintha labalayu kumafuna kumasula bawuti yogwira chitsulo cha dengu ndi kulizula dengulo m'mwamba. Bawuti yadzimbiri idonthezereni mafuta usiku, m'mawa imamasuka yokha. Nyundo imapinda chitsulo, ndipo chitsulo chopindika sichiwongokanso.

Kunenanso za magetsi ofooka. Mphamvu yokankha ya mota zoterezi imatsika mofulumira kuposa mmene mavoti akutsikira, chifukwa imayendera mavoti owirikiza okhaokha. Mavoti akatsika kuchoka pa 230 kufika pa 190, mota yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yodzukira. Ndiye mukaona mababu afiira madzulo, aliyense wayatsa mbaula ya magetsi, kapena mukuyendetsa makina pa kajenereta kakang'ono kapena pa waya wautali woonda wochokera kwa aneba, draya ikakana si kuti yadwala. Dikirani m'mawa. Ndipo makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mapini obulungira imene silowa m'masoketi athu. Chonde gulani pulagi yathu ya mapini atatu, ya fyuzi, mulumikize onse atatu: wofiirira kumoto, wabuluu kunzake, wobiriwira ndi chikasu ku pini yaitali ya pamwamba. Zodula pulagi n'kusomeka mawaya awiri m'soketi ndi timitengo ta machesi, waya wachitatu ali lende, ndi zimene zimachititsa kuti munthu azimva kunyerenyetsa akapisa dzanja m'madzi. Kunyerenyetsa kumeneko ndi chenjezo, ndipo sikuchenjeza kambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimakangana nacho ndi amisiri ena, ngakhale anzanga a pa laini. Kaswitchi ka chivundikiro kakavuta, amangolumikiza mawaya ake awiri kuti magetsi azidutsa nthawi zonse. Buleki ikavuta, amaichotseratu. Makina amayendadi, mwini wake n'kuthokoza. Koma ndiye kuti mwatsala ndi dengu lothamanga ka 1,300 pa mphindi limene silisamala kuti chivundikiro chatsegulidwa, m'nyumba mmene muli mwana wa zaka zinayi wofuna kuona chimene chikulira. Chovala chikakola dzanja pa liwiro limenelo chimapota mkono wonse. Kulumikiza mawaya kwa kamphindi kuti mutsimikize kuti vuto ndi kaswitchi, chivundikiro chili chotseka, n'kwabwino. Kusiya choncho ayi. Kuli bwino kubwerera kofinya ndi manja mwezi umodzi.

Amene muli ndi makina odziyendetsa okha, a chitseko cha galasi kutsogolo kapena otsegula pamwamba, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono koma mzimu wake ndi womwewo. Makina amenewo safinya ngati akuona kuti madzi sanatuluke kapena zovala zaunjikana mbali imodzi, ndipo amakuuzani ndi zilembo. Pa LG, OE ndi madzi osatuluka ndipo UE ndi zovala zopendekera. Pa Samsung ndi 5E kapena 5C, ndi UE kapena Ub. Pansi kutsogolo pamakhala kachitseko kobisa sefa ya pampu. Ikani beseni, potokolani, muone makobidi, mabatani ndi zopanira tsitsi zimene zituluke. Zikapitirira apo n'kufika pa bolodi ya kompyuta, ine ndimasiyira ena. Ku Ulaya, kuyambira mu Marichi 2021, lamulo limakakamiza opanga makina ochapira kusunga zipangizo zosinthira mpaka zaka 10, ndipo ku Amsterdam mu 2009 mayi wina dzina lake Martine Postma anayambitsa malo otchedwa Repair Café, kumene anthu amasonkhana kukonzerana katundu wowonongeka. Azungu akuchita kukhazikitsa malamulo ndi mabungwe kuti aphunzirenso zimene mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango pa Kamwendo amachita tsiku lililonse. Chimene tilibe ife ndi zipangizo ndi mapepala ofotokoza, osati luso.

Teremu yatha ndinanyamula mota yakale ya draya ndi kapasita yotupa ija kupita nazo mu labu. Mutu wa makapasita ndi wa maginito a magetsi ana amauloweza ngati ndakatulo, koma ambiri sanagwirepo kapasita ndi dzanja. Anyamata anathamangira kutsogolo monga mwa masiku onse, atsikana ataima kumbuyo manja ali kumsana. Ndinapereka mita kwa mtsikana wina wa kumbali ya Mkanda, wosayankhulayankhula m'kalasi. Atayeza anati, "Madamu, apa ndi apa zikaphatikizana zikukwana apa." Anali atapeza yekha lamulo loyezera mota, ndisanalinene. Ndi iwowa amene amachapa kunyumba, ndiye sindiona chifukwa choti sikuludiraiva ikhale ya alongo awo.

Lamulo lake ndi ili, kwa amene mwayesa zonse ndipo mwatsala ndi mota yokha. Imatuluka mawaya atatu. Yezani awiriawiri pa ma ohm, mupeza manambala atatu, ndipo awiri ang'onoang'ono akaphatikizana ayenera kukwana lalikululo, chifukwa lalikululo ndi makoyilo onse awiri motsatizana. Kenaka yezani waya uliwonse ndi thupi lachitsulo la mota: pasakhale njira ngakhale pang'ono. Pakakhala njira, mota imeneyo isabwererenso pamagetsi. Mukapeza kuti mawaya awiri akuwerenga bwino koma wachitatu sakugwirizana ndi aliyense, musataye mtima msanga. Mota zambiri zili ndi kafyuzi ka kutentha kobisika pansi pa nsalu yokutira makoyilo, pa waya wachitatuyo, ndipo kamaduka dala mota ikatentha kuti makoyilo apulumuke. Mmisiri wodziwa amakasintha ndi kena ka nambala yomweyo. Koma mukanunkhiza n'kumva fungo la vanishi wopserera, makoyilo atada ngati makala, pamenepo ndiye mukhoza kunena ndi mtima wonse kuti mota yapsa. Muli ndi njira ziwiri: kugula ina, kapena kupita nayo kwa amisiri okulunga mamota a zigayo ndi mapampu, amene ntchito imeneyi amaidziwa kuposa ine. Mukasankha kugula, nyamulani yakaleyo, chifukwa zitsulo zake zimasiyana kunenepa, zina mamilimita 10 zina 12, ndipo mabowo a miyendo sakhala pamalo amodzi. Mufunsenso ngati waya wa m'kati ndi wa kopa kapena wa aluminiyamu. Ya kopa imalemera m'manja ndipo imapirira kutentha. Ndipo musanaimange yatsopanoyo, sinthani labala uja wa pamwamba pake.